Khutu la Mwini Galimoto

Obed anali ndi lamulo limodzi pa ntchito yake, ndipo madalaivala a minibasi za pa msewu wa Lusaka ankalidziwa onse. Masipika akhoza kukuikirani inu muli kumsika mukudya chimanga chootcha, koma ikafika nthawi yokonza kamvekedwe, mwini galimoto ayenera kukhala pampando wake, manja pa chiwongolero, n'kumvetsera yekha. "Motoka ni yanu, makutu ni yanu," ankatero. Ena ankamunena kuti ndi wovuta, komabe ankabwerera kwa iye yemweyo.

Lamuloli analiphwanya kamodzi kokha, ndipo analiphwanya chifukwa cha mkazi. Ine sindimuseka kwambiri, poti amuna anzeru kuposa iye anachitapo zopusa zazikulu pa chifukwa chomwecho.

Mkaziyo anali Phyllis, mwana wa Ba Lastone a chigayo cha ku Shimabala, mtsikana amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi kwawo. Chibwenzi chawo chinali chitakhwima. Amalume a Obed, Ba William, anali atagula kale timbale tokaperekera mawu kwa makolo a mtsikana, koma akatumiza uthenga wopempha tsiku, Ba Lastone ankangoyankha kuti akuganizabe. Tauni yonse ya Kafue inkadziwa amene ankamuganizirayo. Anali Derrick, mwana wa mnzawo wakale, mnyamata wa shopu ya mafoni ndi zokongoletsera magalimoto pafupi ndi siteshoni ya sitima.

*

Phyllis anafika pa shedi ya Obed masana, n'kukhala pa bokosi la sipika osapempha.

"Ba mami mutu ubaba futi," anatero. "Ni matwita ya Derrick. Kuchoka pamene anayaika mu motoka ya ba dadi, ulendo wa ku chechi wasanduka chilango. Nyimbo ikayamba, monga munthu akulasa na singano mu khutu. Ba mami afika na mutu, ine nifika na misozi. Ba dadi beve amwetulira chabe."

Obed ankaidziwa galimotoyo. Ikadutsa pamsika mawindo ali otsekula, iye ankakukuta mano. Matwita ndi timasipika tating'ono ngati chotsekera botolo, totulutsa mawu opyapyala okhaokha. Tikaikidwa bwino simutizindikira n'komwe, mumangoti nyimbo ikumveka bwino. Koma Derrick anali atatimata pamwamba pa dashibodi titapenya galasi la kutsogolo, moti mawu akuthwa onse ankamenya galasi n'kubwerera kudzalasa anthu.

"Pa Chitatu ba dadi ayenda ku Lusaka na basi kukagula masefa ya chigayo," Phyllis anapitiriza. "Makiyi yazasala na ba mami. Ubwele uyakonze."

"Awe. Mwine wa motoka afunika ankhalepo."

"So uzankhala nao mu motoka? Phewa na phewa? Iwe wamene ukaona chabe chisote chao ufuna kugwela mu ngalande?"

Apa anamugwira. Mnyamata amene akufunsira sakhala pafupi ndi bambo wa mtsikana. Sawayang'ana m'maso, salankhula nawo mwachindunji, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Zonse zimadzera kwa nkhoswe. Nanga Ba William, munthu wamkulu wa imvi zake, akanapita bwanji ku Shimabala kukapempha tsiku la timbale, kenaka n'kuwonjezera kuti, "Komanso matwita anu akulasa"?

"Ba mami akakukonda, hafu ya nkhani yasila," anatero Phyllis, uku akumuchotsa kachidutswa ka waya pa kolala. "Derrick anaonesa manja yake. Naiwe onesa yako."

Obed anayang'ana dzanja limene linali pa kolala yake, ndipo lamulo lija linangosungunuka.

Ponyamuka Phyllis anatembenuka. "Pali chamene siunaniuze?"

Funsoli ankamufunsa nthawi zonse posiyana, mbali moseka, mbali ayi. Linayamba chaka chatha, atapeza mameseji a Jasmine, chibwenzi chakale cha Obed, amene Obed ankawabisa poopa mkangano. Mameseji sanali oopsa, koma kubisako kunatsala pang'ono kuthetsa zonse. Kuchokera pamenepo analonjezana kuti sadzabisirananso kanthu, kakang'ono kapena kakakulu.

"Palibe," anayankha Obed. Tsiku limenelo zinali zoona.

*

Lachitatu Ba Winfrida, mayi a Phyllis, anamulandira pageti ndi nkhope yosaonetsa mbali. Anamupatsa makiyi ndi manja awiri, iye n'kulandira atagwada.

Atayatsa wailesi ya m'galimoto, anaona zinthu ziwiri. Tirebo, chokwezera mawu opyapyala, inali itakwezedwa mpaka pamapeto. Ndipo mawu anali atakankhidwira kumanja, mbali ya dalaivala. Tsiku lina lililonse Obed akanaima kaye n'kudzifunsa kuti munthu wamkulu angachitirenji zimenezi. Koma Phyllis anali ataima pambali ndi kapu ya munkoyo, ndipo iye anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Derrick uyu!"

Ntchito yokha anaigwira bwino, zimenezo tisamunamizire. Anamatula matwita onse awiri n'kuwatembenuza kuti asamamenyenso galasi. Pa waya wa twita iliyonse analumikiza karezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu, kuti timasipika tisamakuwe kuposa masipika a m'zitseko. Kumaso kwake anavundikira ndi kansalu kopyapyala. Tirebo anaibweza pakati, mawu n'kuwagawa mofanana mbali zonse.

Mu wailesi munali kafulashi kamodzi, ndipo pa kafulashiko panali nyimbo za gulu loimba la kutchalitchi zokhazokha. Ba Lastone sankamvera china chilichonse. Obed anapempha Ba Winfrida kuti akhale pampando wawo wa nthawi zonse, kumanzere, n'kusindikiza.

Mawu a Phyllis anadzaza galimoto, ofewa, opanda minga. Ba Winfrida anatseka maso. Nyimbo itatha sanatsike msanga.

"Kanshi mwana wanga aimba so?" anatero. "Ine ninali kuganiza ati mwina afunika kumwa uchi." Anayang'ana Obed koyamba molunjika. "Imwe muli na manja yabwino. Nizakamba nao atate ake."

Obed anabwerera ku tauni akuimba mluzu m'minibasi, anthu n'kumamuyang'ana.

*

Meseji ya Phyllis inafika m'mawa mwake.

"Ba dadi akalipa maningi. Ati ndani wagwila motoka yanga."

Obed analemba: "Sanakonde?"

"Ati wailesi yafa. Ati uli na manja ya kawalala, ungena mu vinthu va bene bene kulibe. Atumila Ba William ati tumbale basabwelese."

Anaiwerenga kawiri, kenaka anaimba foni. Sanayambe bwino.

"Ninakuuza ine ati mwine wa motoka afunika ankhalepo!"

"Oho. Manje mulandu ni wanga?"

"Sininakambe so."

"Wakamba so. Ine ninali kufuna kukuthandiza, Obed. Ba mami alila, ba dadi sakamba na munthu, ndiye naiwe unikalipila?"

Phyllis anadula foni. Obed anakhala pa bokosi lija la sipika, mtima ukumupweteka. Ankamukonda mtsikanayo, ndipo tsopano ankaona ukwati wake ukuthawa chifukwa cha timasipika tosakwana n'chikhatho chomwe.

Chakumasana Derrick anatulukira, makiyi akuzungulira pa chala. Anali mnyamata wooneka bwino, ndipo vuto lake linali lakuti ankadziwa zimenezo.

"Shani boi," anatero. "Namvela ati wapanga opaleshoni ku Shimabala, wodwala wamwalila."

"Matwita yako yanali kulasa banthu."

"Niziba."

Obed anadzutsa mutu. Yankho limenelo sanaliyembekezere.

"Uganiza ine nilibe makutu?" Derrick anaseka. "Pamene ninali kuyaika, mudala anankhala pa mupando wake, ine pambali. Iwe unafunsa ndani? Na lamulo yako yonse ija yamene umativuta nayo?" Anaponya makiyi m'mwamba n'kuwawakha. "Pa Chibelu niyenda kukabweza vonse mwamene vinalili. Phyllis nizamupasa moni wako."

Atachoka, mawu amodzi anatsala akuzungulira m'mutu mwa Obed: niziba. Derrick sanalakwitse. Anachita zimene mwini galimoto anamuuza.

*

Lachisanu Obed anatseka shedi, n'kutenga chikwama cha zipangizo n'kukwera minibasi ya ku Shimabala. Sanauze Phyllis, poti Phyllis sankayankha mafoni ake. Sanauzenso Ba William, poti akanamumanga miyendo.

Chigayo chinali chikulira. Anaima patali pansi pa mtengo n'kumaonerera. Ba Lastone, ufa uli mbuu m'nsidze, ankalandira matumba a chimanga. Mayi wina akawalankhula, iwo sankayang'ana thumba kapena maso a mayiyo. Ankayang'ana pakamwa. Mu phokoso lotere aliyense akhoza kutero, koma chigayo chitazimitsidwa anapitirizabe. Mayi wina anawatsanzika ali kumbuyo kwawo, iwo osatembenuka. Foni yawo inalira m'thumba la ovololo mpaka kuleka, iwo akusesa.

Pamenepo Obed anamvetsa za tirebo ija, ndipo anachita manyazi kwambiri.

Anthu atatha, anayandikira n'kugwada pa fumbi la ufa, patsogolo pawo penipeni. Mwambo umati ayang'ane pansi. Iye anadzutsa nkhope kuti milomo yake ioneke, ndipo analankhula pang'onopang'ono.

"Atate, nabwela kupepesa."

Ba Lastone anaima ndi tsache m'manja. "Iwe mnyamata, kwanu kulibe bakulu? Ubwela weka kwa ine?"

"Baliko, atate. Koma bamene banalakwa si beve. Nine. Ninagwila motoka yanu imwe kulibe. Pa nchito yanga sinichita so. Nipempha chabe munkhale pa mupando wanu, nikonze mwamene imwe mufunila. Pambuyo pake mukanipitikisa, nizayenda."

Mkuluyo anatsatira milomo yake mpaka atamaliza. Kenaka anatsamiritsa tsache kukhoma n'kupita ku galimoto, imene inali kuseri kwa chigayo.

Obed sanakhale pampando wa pambali. Anagwada panja, chitseko cha dalaivala chili chotsekula, n'kumagwira ntchito atatambasula manja. Pa twita ya kumanja anachotsa karezisita ndi kansalu kaja. Sanaibwezere pa galasi, koma anaimata pa chipilala cha pakhomo, italoza khutu la dalaivala. Ya kumanzere anaisiya monga anaikonzera, yofatsa. Anayatsa nyimbo n'kuyamba kukweza tirebo pang'onopang'ono.

"Mukamvela mau bwino, munyamule dzanja," anatero, atawayang'ana.

Anakweza. Dzanja linali pa chiwongolero. Anakwezanso. Kwa Obed mawu anali atayamba kale kulasa. Anakwezanso kachitatu, ndipo zala za Ba Lastone zinanyamuka pang'ono, kenaka dzanja lonse.

Anamvetsera nyimbo yonse mpaka kumapeto, milomo yawo ikutsatira mawu a mwana wawo. Madzi anatsika pa tsaya limodzi n'kusiya kanjira mu ufa. Sanawapukute.

"Mbali ya amai izankhala yofewa," Obed anafotokoza. "Mutu siuzabababa monga kale. Yakuthwa ili chabe kuli imwe."

Ba Lastone anazimitsa wailesi. "Waziba," anatero. Silinali funso.

"Ee, atate."

"Chinayamba na mbalame. Tsiku lina nauka, naona zili mu mutengo, milomo iseguka, kulibe chomveka. Manje ni banthu. Bamuna nibamvelako. Koma bakazi na bana, monga bakambila mu bulangeti." Anagwira chiwongolero mwamphamvu. "Mu chechi mwana wanga aimba pasogolo, banthu balila, ine nimvela chabe ng'oma. Muno mu motoka ndiye mweka mwamene ninali kumvela mau yake. Nabwela ku Lusaka, nayasha, napeza mwana wanga bamuchosamo."

Obed anafuna kuti nthaka imumeze. Kenaka anati, "Atate, ku Lusaka kuli madokotala ba makutu. Kuli tumashini twamene..."

"Nakufunsa?"

Ba Lastone anapitiriza okha.

"Bakaziba amake Phyllis, chigayo bazanilesa. Makiyi ya motoka bazatenga. Ku chechi banthu babwela kwa ine na mavuto yao, banong'oneza, ine niyangana pakamwa nabayankha. Bakaziba, ndani azabwela? Nizasala mudala wa pa mupando, wokuwilidwa monga ng'ombe." Anatembenuka. "Derrick anaziba pamene anali kuika tuvinthu utu. Sanauze munthu. Ndiye chifukwa nimukonda. Si nsapato zake."

Anatsika m'galimoto n'kuimirira pamwamba pa Obed, amene anali akadagwada.

"Imwe munalakwa, koma mwabwela mweka kuzagwada mu ufa. Uzani amalume banu babwelese tumbale." Obed anazindikira kuti wachoka pa iwe wafika pa imwe, ndipo mtima wake unadumpha. Koma mkuluyo anali asanamalize. "Chimozi chabe. Vamene mwaona lelo visale muno. Amake asazibe. Phyllis asazibe. Tsiku lamene azaziba kuchokela kuli imwe, tumbale nizabweza na manja yanga."

"Atate, ine na Phyllis tinalonjezana ati..."

"Mwana ni wanga, makutu ni yanga. Muvomela olo simuvomela?"

Obed anaganiza za Derrick, amene amabwera mawa lake, Loweruka, ndi makiyi ake pa chala. Anaganiza za timbale tili m'kabati ya Ba William. Anavomera.

*

Lamlungu mapemphero atatha, Phyllis anamuthamangira pabwalo la tchalitchi, mkwiyo wonse ataiwala. Akanamukumbatira pakanapanda amayi a chigwirizano amene anali pafupi ndi maso awo akuthwa.

"Tumbale pa Chibelu chibwela!" ananong'ona. "Derrick anabwela dzulo na vipangizo vake, ba dadi anamubweza pa geti. Ba mami ati mutu siunababe olo pang'ono. Unachita bwanji, iwe?"

"Ninapepesa chabe."

"Bwela, nifuna nimvele na iwe."

Anali ndi makiyi, poti bambo ake anamutuma kukatenga Baibulo limene anaiwala m'galimoto. Baibulolo linali m'thumba la chitseko cha dalaivala, choncho Phyllis anatsegula mbali imeneyo. Anakhala pampando wa bambo ake, chinthu chimene sankachita, n'kuyatsa wailesi akuseka.

Kuseka kunatha pomwepo. Anagwira khutu la kumanja. Anaweramira kumanzere n'kumvetsera, kenaka anabwerera kumanja n'kukwinya nkhope. Anachita zimenezi kawiri. Mtsikana woimba sungamunamize pa nkhani ya mawu.

Anazimitsa.

"Obed, uku kuli bwino. Koma uku kulasa kupambana na kale. Iwe siungalakwise so." Anamuyang'anitsitsa. "Unachita dala. Chifukwa chani mbali ya ba dadi yeka?"

"Ni mwamene akondela."

"Kulibe munthu angakonde ichi. Munakamba chani ku chigayo?"

Obed anayang'ana kumbali, ndipo anawaona. Ba Lastone anali ataima pakhonde la tchalitchi, atavala suti yawo yabuluu, mayi wina akuwalankhula. Koma maso awo sanali pa mayiyo. Anali pakamwa pa Obed. Pa mtunda umenewo munthu wina aliyense sakanadziwa zimene zikukambidwa, ngakhale Obed akananong'ona bwanji. Mkulu uyu yekha ndiye akanadziwa.

Phyllis anatsitsa mawu. Ulendo uno munalibe kuseka m'funso lake.

"Obed. Pali chamene siunaniuze?"

Obed anamuyang'ana. Anaona nkhope imene ankafuna kudzaiona m'mawa uliwonse moyo wake wonse, ndipo anadziwa kuti njira yokha yoisungira ndi kuinamiza.

"Palibe," anatero.

Pakhonde paja Ba Lastone anagwedeza mutu pang'ono, n'kutembenukira kwa mayi uja.

Phyllis anapuma mozama, ngati munthu amene wasankha kukhulupirira. Anatenga Baibulo n'kutsika. Pomwepo foni yake inalira m'chikwama. Kutsidya kwa msewu Derrick anali atatsamira galimoto yake, foni ili m'manja, makiyi sakuwazungulitsanso.

Phyllis anawerenga meseji ya Derrick, kenaka anatembenuza foniyo kuti Obed aone yekha.

"Funsa mwamuna wako chamene aziba pa ba dadi bako. Ine nilibe chifukwa chosungila chinsinsi futi."